Oyendera a boma akafika pamalo anu antchito

Ife amene timalemba anthu ntchito m'malo momwe muli makina, moto wowotcherera, fumbi ndi penti, madandaulo athu pa nkhani ya oyendera a boma amafanana. Amatulukira osauza munthu, kawirikawiri tsiku lomwe ntchito yathina. Wa chaka chatha anaona makina omwewa osanena kanthu, wa chaka chino akuti asalizidwenso. Amafuna mapepala ambirimbiri. Masiku amene amapereka okonzera zinthu amakhala ochepa pomwe ndalama zake sizili pafupi. Chopweteka kwambiri n'chakuti wantchito akachotsa yekha chotchinga pa makina n'kuvulala, woyankha mlandu ndiwe mwini malo.

Madandaulo amenewa si abodza, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Koma pa zaka zomwe ndayendetsa malo opangira zinthu zachitsulo ndi zamatabwa, ndaona kuti mkwiyo wathu wambiri umachokera pa chinthu chimodzi: timatenga mawu onse otuluka pakamwa pa woyendera ngati olemera mofanana. Chonsecho m'zonena zake muli zinthu zitatu zosiyana. Muli lamulo loimitsa ntchito pompopompo chifukwa munthu angafe kapena kulumala lero lomwe. Muli lamulo loti chinthu chikonzedwe pofika tsiku lakuti. Ndiye muli malangizo chabe, abwino kuwatsata koma osakhala ndi chindapusa. Amene sasiyanitsa zitatuzi amathera ndalama pa zikwangwani ndi kulemba mizere pansi, lamba wa makina ali poyera chikhalire.

Dziwani kaye mphamvu zomwe munthuyo wabwera nazo, kuti musamakangane naye pa zinthu zomwe simungapambane. Malamulo a mayiko ambiri pa nkhaniyi anatengera Pangano nambala 81 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 1947, lomwe mayiko oposa 140 analivomereza. Ndime 12 ya panganoli imalola woyendera yemwe ali ndi chiphaso kulowa pamalo antchito nthawi ina iliyonse, usana kapena usiku, osachenjeza. Angathe kufunsa antchito anu pambali inu palibe, kuona mabuku ndi makaundula, ngakhale kutengako pang'ono mankhwala omwe mumagwiritsa ntchito kuti akawayeze, bola akudziwitseni. Ndime 15 imamuletsa kuulula amene anakadandaula, ngakhale kungonena kuti wabwera chifukwa cha dandaulo. Choncho funso lakuti “wakutumani ndani?” ndi lotaya nalo nthawi, ndipo kusakasaka wantchito amene mukumuganizira kumangokuwonjezerani mlandu wina. Ndime yomweyo imatetezanso inu: woyendera saloledwa kuulula zinsinsi za kapangidwe ka katundu wanu, komanso sayenera kukhala ndi gawo pa bizinesi yomwe akuiyendera. Ndime 13 ndi yomwe imasiyanitsa kukonza pofika tsiku lakuti ndi kuimitsa ntchito nthawi yomweyo, ndipo imasiya mpata wa apilo malinga ndi malamulo a dziko lanu. Ndime 17 imapatsa woyendera ufulu wochenjeza ndi kulangiza m'malo motengera munthu kukhoti. Ufulu umenewu ndi womwe umachititsa kuti oyendera awiri aweruze mosiyana pa chinthu chimodzi, koma ndi womwewonso umakupulumutsani akaona kuti mukuyesetsa.

Akafika, pemphani chiphaso chake mwaulemu, mulembe dzina ndi ofesi yomwe wachokera. Muyende naye nokha kapena kapitawo wodziwa makina, osati munthu wa muofesi yemwe sadziwa pomwe pali swichi yaikulu. Tengani kope ndi foni. Iye akajambula chinthu, nanunso jambulani pomwepo. Chomwe chingakonzeke iye akuona, monga katundu wotchinga khomo kapena waya wodutsa panjira, chikonzeni nthawi yomweyo. Osanama. Mukanena kuti makina awa sitigwiritsa ntchito pomwe pansi pake pali utuchi wa lero ndipo mota yake ikutentha, zonse zomwe munene pambuyo pake sazikhulupiriranso.

Pa chilichonse chomwe wapezapo vuto, funsani zinthu zinayi: ndi gawo liti la lamulo, ngozi yomwe akuiona ndi yotani, ndi lamulo kapena malangizo, ndipo tsiku lomaliza ndi liti. Safunsa anadya phula. Funso lachiwirilo ndi lomwe limasunga ndalama, chifukwa lamulo nthawi zambiri limangofuna kuti ngoziyo ichoke, silisankha njira. Woyendera angatchule chotchinga chogula kwa amene anapanga makinawo, koma chotchinga chomwe mwapanga nokha ndi chitsulo chamaunauna, chomangidwa ndi mabawuti, chomwe chala sichingadutse n'kufika pa lamba, chimagwira ntchito yomweyo. Mufunseni ngati angachivomereze musanadule chitsulo. Asanachoke, khalani pansi muwerengere limodzi zomwe walemba, ndipo zonse zibwere pa pepala. Zongouzana pakamwa ndi zomwe zimabala mkangano chaka chamawa.

Ndalama zikachepa, tsatani zomwe zimapha ndi kudula ziwalo poyamba. Pa makina, woyendera wodziwa ntchito amayamba ndi pomwe chinthu chikuzungulira: lamba ndi pule, tcheni, shafiti yotulukira kunja, tsamba la macheka. Pa galayinda ya pa benchi pali miyeso iwiri yomwe ambiri saidziwa. Mpata wa pakati pa mwala ndi kachitsulo kotsamiritsapo chomwe mukunola usapitirire mamilimita 3, ndipo wa pakati pa mwala ndi kotchinga ka pamwamba usapitirire mamilimita 6. Mwala umatha tsiku ndi tsiku, mpata n'kumakula osaonekera. Mpatawo ukakula, chitsulo chimakodwa pakati, chimakoka chala kapena kuswa mwala. N'chifukwa chake malo omwe anali bwino chaka chatha angapezeke olakwa chaka chino popanda amene wasintha kanthu. Musanamange mwala watsopano, uikeni pa chala kapena pa kamtengo, muugogode pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Wabwino umalira kuti ngwee, wosweka mkati umangoti phu. Onaninso liwiro lolembedwa pa mwalawo, lisachepere liwiro la makina.

Pa macheka a pa tebulo, kuseri kwa tsamba kumayenera kukhala kachitsulo kopyapyala koletsa thabwa kupana tsamba. Kakachotsedwa, mano a kumbuyo amanyamula thabwa n'kuliponyera pamimba pa wocheka, ndipo dzanja lomwe limakankha limatsetserekera pa tsamba. Kachitsuloko katalikirane ndi mano osaposa mamilimita 8. Masentimita 30 omaliza a thabwa azikankhidwa ndi kamtengo, ndipo kamtengoko kazipachikidwa pa makina pomwepo, chifukwa kakakhala mu stolo palibe amene angakatsatire.

Tsopano za antchito ochotsa zotchinga, zomwe zimatipsetsa mtima tonse. Kukalipa sikuthandiza nthawi yaitali. Munthu sachotsa chotchinga chifukwa chofuna kuvulala. Amachichotsa chifukwa chikubisa mzere womwe akucheka, kapena chimadzaza utuchi, kapena pamafunika kumasula mabawuti 6 kuti athire girizi, kapena amalipidwa potengera kuchuluka kwa zomwe wapanga ndipo chotchingacho chimamuchedwetsa. Imani pambali pake muone akugwira ntchito, mumufunse. Nthawi zambiri mankhwala ake amakhala aang'ono: kuboola kawindo ka pulasitiki wolimba woonekera, kutulutsira kunja kapaipi kothirira girizi, kapena kuika mahinjesi m'malo mwa mabawuti ambiri pamodzi ndi swichi yozimitsa makina chotchinga chikatsegulidwa. Mukakonza chifukwa chake munthu n'kumachotsabe, apo mpomwe chenjezo lolemba limagwira ntchito, ndipo pepala limenelo ndi lomwe lidzakuyankhulireni tsiku la ngozi. Kapitawo amene amaona chotchinga chili pansi n'kungodutsa ndiye kuti wavomereza, ndipo lamulo limationa choncho ifenso.

Ngozi zoopsa zambiri zimachitika makina ataima, munthu akuchotsa chomwe chakodwa kapena akusintha tsamba, mnzake n'kuyatsa osadziwa. Kapepala kolemba kuti “osayatsa” sikokwanira. Swichi yaikulu ya makina aliwonse ikhale yoti n'kukhomapo loko. Wokonzayo akhome loko wake, kiyi aike m'thumba mwake, ndipo ngati okonza ali awiri maloko akhalenso awiri. Akatero adine batani loyatsira kuti atsimikize kuti makina afadi. Atulutsenso mpweya kapena mphamvu ya oyilo yotsalira m'mapaipi, ndipo chilichonse cholemera chomwe chili m'mwamba achichirikize, poti chimatha kutsika ngakhale magetsi atazima.

Pa magetsi, ambiri timaganiza kuti fyuzi kapena buleka imateteza munthu. Ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse. Buleka ya maampu 16 kapena 20 singazime msanga pomwe magetsi ochepa kwambiri kuposa ampu imodzi akudutsa pachifuwa pa munthu, chonsecho amenewo ndi okwanira kusokoneza mtima. Choteteza munthu ndi RCD ya 30 mA, kachipangizo kozimitsa magetsi nthawi yomweyo akayamba kutayikira pansi kapena kudzera m'thupi la munthu, makamaka pa masoketi a zida za m'manja ndi pamalo ponyowa. Ili ndi batani loyesera. Lidineni miyezi ingapo iliyonse, mulembe tsiku. Waya wolumikiza ndi tepi, waya wolowetsa mu soketi popanda pulagi, ndi pulagi yothyoka mwendo wa ethi, zimenezi woyendera aliyense amaziona asanakhale n'komwe pansi.

Kompuresa imaiwalika chifukwa imakhala pakona n'kumagwira ntchito yake mwakachetechete. Mpweya ukapanikizidwa umasiya madzi m'thanki, madziwo amadya chitsulo kuchokera mkati, kunja penti akuwala. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki tsiku lililonse poweruka. Valavu yotulutsa mpweya ukachuluka isamangidwe kapena kutsekedwa chifukwa choti ikusokosa. Thanki ikayamba kudontha, musaiwotcherere chigamba: pomwe paboolapo pakusonyeza kuti chitsulo chonse cha pansi chapyapyala. Apa mpomwe pepala la katswiri woyeza thanki lili ndi phindu lenileni, chifukwa palibe diso lomwe lingaone dzimbiri la mkati. N'chimodzimodzi ndi matcheni, mbedza ndi zingwe zonyamulira katundu. M'malamulo a ku Britain, mwachitsanzo, zimenezi zimayezedwa miyezi 6 iliyonse, ndipo makina onyamulira katundu miyezi 12 iliyonse. Funsani nthawi yomwe lamulo la kwanu linaika. Mabotolo a gasi wowotcherera aziima chilili, omangidwa ndi tcheni kukhoma, ndipo oyilo kapena girizi asayandikire valavu ya botolo la okosijeni.

Za zozimitsira moto ndidutsapo msanga. Zikhale zopachika pomwe aliyense akuziona, singano ili pobiriwira, pini ndi chidindo zili m'malo. Cha CO2 chilibe singano, chimayezedwa pa sikelo, ndipo chikapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a mpweya wake chikadzazidwenso. Cha madzi chisayandikire magetsi kapena mafuta. Makwerero atsamire motere: pa mamita 4 aliwonse okwera, phazi lake litalikire khoma mita imodzi, ndipo mutu wake upitirire pofikirapo ndi mita imodzi.

Koma pa khomo lothawira moto ndiimapo pang'ono, chifukwa apa mpomwe ambiri timakangana ndi oyendera tili ndi chifukwa chomveka. Timakhoma khomo la kuseri poopa kuba, ndipo kubako kulikodi. Mu 1991, mu tauni ya Hamlet ku North Carolina m'dziko la America, fakitale yokonza nyama ya nkhuku inapsa ndipo anthu 25 anafa, ambiri atalephera kutuluka chifukwa makomo anali okhoma. Pa zaka 11 zomwe fakitaleyo inagwira ntchito, oyendera a zachitetezo anali asanafikeko. Mu 1911, pa fakitale yosoka zovala ya Triangle ku New York, anthu 146 anafa pa moto, ndipo kumenekonso khomo linali lokhoma. Pa ichi sindipempha woyendera aliyense kuti andimvetse. Njira ilipo yoteteza katundu popanda kutsekera anthu: loko wotseguka mkati pongokankha chitsulo koma wosatseguka kunja, pamodzi ndi belu lolira khomo likatseguka. Khomolo lizitsegukira kunja, ndipo kuseri kwake kusaunjikidwe kanthu.

Gawo lomwe olemba ntchito timaliona ngati kuvutitsana chabe ndi la phokoso, fumbi ndi fungo la mankhwala, chifukwa palibe magazi omwe timaona. Koma chiwerengero chomwe ILO inatulutsa mu 2023 chikusonyeza kuti mwa anthu pafupifupi 3 miliyoni omwe amafa chaka chilichonse chifukwa cha ntchito, pafupifupi 2.6 miliyoni amafa ndi matenda, osati ngozi. Mayiko ambiri amaika malire a phokoso pa madesibelo 85 kwa maola 8. Pa muyeso womwe ambiri amatsata, phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yololedwa imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, pa 100 mphindi 15 zokha. Galayinda ya m'manja ikamadula chitsulo imafika m'dera la pamwambali. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu yemwe ali pa mita imodzi akumveni, phokosolo lafika kale poopsa. Makutu akagontha ndi phokoso sabwereranso. Musanagule zotseka m'makutu za aliyense, onani ngati kompuresa ingasamukire kunja kapena ntchito ya galayinda ingapatsidwe chipinda chake, chifukwa mukatero anthu ofunika zotsekazo amatsala ochepa.

Pa zophimba kukamwa ndi mphuno ndi pomwe ndalama zambiri zimatayika pachabe. Kachophimba ka fumbi sikaletsa mpweya wa thina kapena wa penti wopopera. Pamafunika chophimba chokhala ndi sefa ya makala, ndipo sefayo imapitiriza kuyamwa mpweya ngakhale munthu atavula, choncho izisungidwa m'thumba lotseka bwino. Penti wosakaniza ndi hadena (mankhwala oumitsa penti), yemwe amakhala ndi mankhwala a isocyanate, amayambitsa mphumu yosatha, ndipo popopera ameneyu chofunika ndi chophimba cholandira mpweya wabwino kudzera pa paipi. Ndevu zimalepheretsa chophimba kugwira nkhope, mpweya woipa n'kumalowera m'mbali. Podula konkire, matailosi kapena miyala, thirani madzi pa tsamba, chifukwa fumbi lake limaumitsa mapapo ndipo matendawo alibe mankhwala. Wokugulitsani penti, thina kapena asidi akupatseni pepala lofotokoza za chitetezo cha mankhwalawo. Limakhala ndi magawo 16. Gawo 4 limanena za chithandizo choyamba, gawo 8 limatchula zodzitetezera zoyenera. Mankhwala akagwera m'maso, atsukidwe ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, choncho mpopi ukhale pafupi ndi pomwe amasakanizira.

Si nthawi zonse pomwe woyendera amakhala wolondola, ndipo pali pomwe muyenera kuyankha. Wina angakuuzeni kuti aliyense azivala magolovesi nthawi zonse. Pa makina oboolera, pa lefu (makina osemera chitsulo kapena mtengo uku zikuzungulira) ndi pa china chilichonse chozungulira, golovesi ndi yomwe imakodwa n'kukokera dzanja lonse mkati. Mufotokozereni modekha, mumuonetse buku la makinawo. Oyendera ambiri amayendera mitundu yonse ya ntchito, sangadziwe makina anu kuposa inu, ndipo wanzeru amamva mukamulankhula ndi umboni m'manja.

Mapepala, omwe timadana nawo kwambiri, amachepa mukawaika mu fayilo imodzi. Mukhale chikalata cholembetsera malo, mndandanda wa makina ndi tsiku lomwe aliwonse anayezedwa, zikalata za kompuresa, zonyamulira katundu ndi zozimitsira moto, mapepala a mankhwala, kaundula wa zodzitetezera zomwe munapereka, ndi makalata onse a oyendera akale. Maphunziro alembedwe mwachindunji. Kulemba kuti “anaphunzitsidwa za chitetezo” sikuthandiza. Lembani kuti tsiku lakuti, wakutiwakuti anaonetsedwa kusintha mwala wa galayinda ndi kuyeza mipata yake, wophunzitsa ndi uje, onse awiri asayina. Ngati munthuyo sawerenga, mumuwerengere m'chinenero chomwe amamva pamaso pa mboni. M'buku la ngozi muzilowa ngakhale zazing'ono ndi zomwe zinangotsala pang'ono kuchitika: tsiku, nthawi, makina ake, zomwe munthuyo amachita, ndi chomwe mwasintha pambuyo pake. Buku loyera mbee pamalo pomwe pali macheka ndi moto limangouza woyendera kuti simulemba. Ngozi zikuluzikulu zili ndi nthawi yake yokanenera ku boma, ndipo nambala ya masikuwo ilembedwe pachikuto cha fayiloyo, poti tsiku la ngozi mutu sugwira.

Makalata akale aja ndi omwe amathetsa vuto la oyendera osiyana maganizo. Watsopano akakana chomwe mnzake anavomereza, mutulutsireni kalatayo. Mwina lamulo linasintha, ndipo akuonetsani. Mwina makinawo anatha monga mwala wa galayinda uja. Mwina ndi maganizo ake chabe, ndipo akaona kalata ya ofesi yake yomwe amabweza mawu kapena kulisandutsa langizo. Mukaona kuti lamulo lomwe mwapatsidwa ndi lolakwika, chitani apilo molemba, mwamsanga, chifukwa masiku a apilo amakhala ochepa. Koma ngati ndi lamulo loimitsa makina, asiyeni ali chiimire mpaka yankho litabwera. Kuwayatsa mobisa kumasandutsa nkhani ya chotchinga kukhala mlandu waukulu, ndipo munthu akavulala pa makina oletsedwa palibe chomwe munganene.

Wina akayamba kuzungulira ndi mawu osonyeza kuti nkhaniyi ingathere pomwepa, yankho ndi limodzi: “Bwana, lembani zonse zomwe mwapeza, chindapusa chikakhalapo ndikalipira ku ofesi ndipo ndikalandira lisiti.” Chiphuphu sichichotsa ngozi, sichisiya pepala loti mudzaonetse wotsatira, ndipo amene walandira kamodzi amabweranso.

Masiku okonzera akachepa, musadikire kuti athe. Lembani kalata tsiku lomaliza lisanafike, munene zomwe mwamaliza kale pamodzi ndi zithunzi zake, zomwe zatsala, chifukwa chake, ndi tsiku lenileni lomwe mudzamalize. Phatikizani umboni, monga kalata ya katswiri yemwe mwapangana naye kapena pepala losonyeza kuti chipangizo munaitanitsa. Chofunika kwambiri m'kalatamo ndi zomwe mwachita kuti anthu akhale otetezeka podikirapo: makina mwawakhoma loko, ntchito yopopera penti mwayamba mwaipereka kwina, kapena malo oopsawo mwawatchinga ndipo akulowamo ndi anthu awiri okha ophunzitsidwa. Mukamaliza zonse, lembaninso kalata ina yotchula mfundo iliyonse ndi nambala yomwe woyendera anaipatsa, chithunzi cha kale ndi cha tsopano, ndipo mupemphe kuti akuyankheni molemba kuti nkhaniyo yatsekedwa. Kope lanu alidinde ku ofesi kwawo tsiku lomwe mwapereka, mukaliike mu fayilo.